Makapisozi a m'kabotolo ka mafuta odzola

Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka, ife a kumudzi ogwira ntchito kuno kunja tinkakumana pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, pa kapinga woyang'anizana ndi ngalawa zamatabwa. Ambiri anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Al Hilal ndi m'mahotela. Amuna tinali ochepa, ndipo wamkulu pa onse ndinali ine, wokolopa m'famase, sitolo ya mankhwala, ya ku Al Muntazah. Onse ankanditchula kuti amalume.

Tsiku lina mayi wa ku Ntcheu, wochapa zovala kuhotela, munthu wapakamwa pakuthwa, anabwera ndi uthenga pafoni. Uthengawo unkati akuluakulu a mayiko akufuna kuika malamulo pa mavitamini, ndipo posachedwa munthu sadzagulanso ngakhale kapiritsi kowonjezera magazi popanda kalata ya dokotala. Unkapempha aliyense kulemba dzina lake pokana zimenezi. Amayi anapsa mtima. Iwo kwa dokotala sapitako pokhapokha madamu atalola, ndiye mavitamini akatsekeredwa, mphamvu zokolopera nyumba yosanja azikazitenga kuti? Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Itafika kwa ine ndinaibweza osalembapo.

"Amalume akuopa kusayina," anatero wa ku Ntcheu uja. "Kapena ku sukulu ya kwacha za pafoni sanakuphunzitseni?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Ndinangoti ndisanamenyere nkhondo mavitaminiwo, andionetse kaye.

Woyamba kutulutsa anali mayi wa ku Balaka, wa ana awiri, amene ankagwira ntchito m'nyumba ina yaikulu ku Al Hilal. Anatsegula kabotolo ka mafuta odzola, m'kati muli makapisozi obiriwira. Wina anatulutsa ake m'kachitini ka tiyi, wina m'kansalu komanga mfundo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi botolo lenileni. Anandifotokozera kuti amadamu ambiri amasecha m'zipinda za antchito, ndipo akapeza botolo la mankhwala amaganiza kuti munthu akubisa matenda kapena mimba. Choncho aliyense akagula, amakhuthulira mapiritsi m'kanthu kosakayikitsa ali pakhomo pa sitolo pomwepo, botolo n'kuliponya m'bini. Mayina a mankhwalawo sankawadziwa. Ankangoti obiriwira ndi a mphamvu, oyera ndi a magazi.

Ndinamuyang'ana bwino mayi wa ku Balakayo. Anali ataonda, manja akunjenjemera potseka kabotolo kaja. Anati mtima umamugunda ngati akuthamangitsidwa, tulo sapeza, ndipo sabata yapitayo anagwa pamasitepe atanyamula zochapa. Madamu ake anamuuza kuti akadzagwanso amukweza ndege kontirakiti isanathe. Ndiye iye, pofuna mphamvu, anali atayamba kumwa awiri m'malo mwa mmodzi.

Malonda otchula mankhwala ndi mtundu wake ine ndinkawadziwa. Ndili mnyamata ndinkagulitsa mapiritsi pamsika wa kwathu, nditawayala pa thumba. Kuwerenga sindinkadziwa. Mkazi wa mchimwene wanga ali woyembekezera anatupa miyendo, mutu ukumuwawa masiku onse. Ndinamupatsa ofiira, n'kumuuza kuti ndi magazi chabe achepa, asavutike ndi ulendo wa kuchipatala. Anamwa masabata awiri. Tsiku limene anakomoka tinamunyamula pa machira, koma anatisiya tisanawoloke mtsinje. Pamaliro abale anandithokoza kuti ndinayesetsa kuthandiza ndi mankhwala. Palibe anandiloza chala, mpaka lero. Malondawo ndinawasiya, ndipo patapita zaka, imvi zitayamba, ndinakakhala pakati pa amayi m'sukulu ya kwacha kuphunzira a, e, i.

Tsiku limenelo pa kapinga sindinanene zimenezi. Ndinangofunsa kumene amagula. Wa ku Balaka anayamba wakana, ati mwini sitoloyo ndi munthu wabwino, amawatchula kuti sisita ndipo sawayang'anira pansi ngati ena. Kenako ananena. Kanali kasitolo ka zonunkhira ndi zodzola, misewu iwiri kuchokera pamene ndinkagwira ntchito.

Loweruka masana ndinapitako n'kugula botolo limodzi la obiriwira aja, risiti n'kuisunga. Pabotolopo panali chithunzi cha zipatso ndi mkazi akuthamanga. Zilembo zake sizinali za Chingelezi, sizinalinso za Chiarabu. Ndinalitembenuza kangapo kufuna tsiku lothera ntchito, osalipeza.

Ndinalionetsa kwa mayi wa ku Sudan amene ankapereka mankhwala m'famase yathu. Anavala magalasi, anayang'ana pakompyuta, n'kupukusa mutu. Anati chinthuchi sichinalembetsedwe m'dziko muno, ndipo zotere nthawi zina amabisamo mankhwala aukali osawalemba, koma iye sangadziwe popanda kupima. Nditamufotokozera za mayi wa ku Balaka uja, anati mwana wanuyo asiye lero lomwe ndipo akapimitse mtima. Anandiuzanso kuti kuli ofesi yolandira madandaulo a ogula, koma dandaulo limalemera likakhala la anthu angapo, aliyense atafotokoza zimene zinamuchitikira.

Ndinamuimbira wa ku Balaka uja. Anandiyankha mwaulemu kuti wamva, amalume, inshallah asiya. Mawu ake anandiuza kuti sasiya.

Lachisanu lotsatira ndinapita ndi botolo lija. Wa ku Ntcheu atangomva za ofesi anandilumphira. Anati ndakhala nthumwi ya akuluakulu aja, ndikufuna kutsekereza kasitolo kokhako kamene kamawalandira bwino. Ena anati dandaulo likafika kwa amadamu, ntchito yatha, nanga ine ndidzawadyetsera ana awo? Wa ku Balaka anafumbata kabotolo kake pamiyendo.

Ndinaona kuti mfundo za m'famase sizilowa. Ndinavula chipewa.

"Ana anga, ine ndinapha mlamu wanga ndi mapiritsi ofiira. Ndinkawatchula ndi mtundu ngati mmene mukuchitiramu."

Ndinawafotokozera zonse, mpaka za kuthokozedwa pamaliro. Aka kanali koyamba kuzinena pakamwa. Pamene ndinkamaliza, ana a eni dziko ankadutsa pa tinjinga tawo. Kenako wa ku Balaka anayala chitenje pa kapinga, n'kukhuthulirapo makapisozi ake onse. Wa kachitini ka tiyi anachitanso chimodzimodzi. Womaliza anali wa ku Ntcheu, amene ake anali m'kabokosi ka ndolo.

"Tiyeni, amalume, tulutsani pepala," anatero. "Koma dzina lanu likhale pamwamba. Akabwera kudzagwira anthu ayambe ndi okalamba."

Mayi ameneyu akagwira chinthu amachigwira ndi manja awiri. Anajambula makapisozi aja, anafunsa mmodzimmodzi zimene ankamva m'thupi, ndipo zinapezeka kuti ogunda mtima ndi osowa tulo analipo ambiri, koma aliyense ankayesa kuti ndi kutopa kwa ntchito. Kalata ndinailemba ine, m'Chingelezi changa chopunduka, masiku atatu pa nthawi yopuma. Mayi wa ku Sudan anakonza mawu ena, koma anati ndisaikopere pakompyuta, ipite ndi dzanja langa lomwelo. Amayi asanu ndi anayi analemba mayina awo pansi pa langa. Awiri anakana, ndipo sitinawakakamize.

Ku ofesi kuja ndinapita nditavala malaya a ku mzikiti. Ndinkayembekeza kuti wokolopa amubweza pakhomo. Koma mnyamata wa pa tebulo anandipatsa mpando, anawerenga kalata yonse, anatenga botolo ndi risiti n'kuziika m'kathumba, ndipo anandifunsa kawiri pamene pali sitoloyo. Anandilonjeza kuti mayina a amayi sapita kwa mabwana awo.

Tinadikira masabata angapo. Wa ku Ntcheu ankandifunsa Lachisanu lililonse ngati kalata yanga inadyedwa ndi mbuzi. Pa nthawi yomweyi iye analemba m'gulu la pafoni limene munachokera uthenga woyamba uja. Analemba kuti ife mavitamini tikuwafuna ndipo asatitsekere, koma tikufunanso lamulo loti botolo lililonse lizinena zomwe zili m'kati, m'chilankhulo choti munthu awerenge, kaya lachokera dziko liti. Anamuchotsa m'gulumo tsiku lomwelo, ndipo anayenda nazo modzitama mwezi wathunthu.

M'mawa wina ndikukolopa pakhomo pa famase, mayi wa ku Sudan anandiitana n'kundionetsa chidziwitso chimene chinafika. Makapisozi obiriwira aja a ku ofesi kuja anawapima, anapezamo mankhwala osalembedwa pabotolo, ndipo analamula kuti achotsedwe paliponse. Ndinasiya chokolopera m'ndowa n'kupita kukaona ndi maso anga. Shelefu ya m'kasitolo kaja inali mbee, mwini wake akuikapo sopo. Ndinajambula n'kutumizira amayi. Foni yanga inalira tsiku lonse, nthungululu zojambulidwa m'mabafa ndi m'zipinda zochapira, motsitsa mawu kuti amadamu asamve.

Wa ku Balaka masiku oyamba atasiya anavutika. Thupi linalemera, mutu ukuwawa, ndipo ankaopa kugwanso. Ndinamulangiza kuti awaonetse madamu ake chithunzi cha botolo ndi chidziwitso chija, osadikira kuti adzazitulukire okha. Anazengereza masiku awiri, kenako anawaonetsa. Madamuwo anakalipa kwambiri, koma ankakalipira sitolo. Tsiku lomwelo anamutengera kuchipatala pa galimoto yawo. Adokotala anapeza kuti magazi analidi ochepa, n'kumupatsa mapiritsi oyenera, ndipo anati mtima ukhazikika wokha.

Unakhazikikadi. Kontirakiti yake itatha anamupatsa ina. Lachisanu limene anatiuza nkhaniyi anabwera masaya atabwerera, ndipo anati sakufuna kukhala pansi, tiyende mpaka kumapeto kwa Corniche. Tinanyamuka gulu lonse. Tisanafike ndi pakati pomwe mawondo anga anakana, ndinakhala pa benchi. Iye anatembenuka kuti andidikire, ine n'kumukupizira dzanja kuti azipita. Ndinamuyang'ana akupitirira anzake mmodzimmodzi, wa ku Ntcheu akumukuwira kumbuyo kuti achepetse liwiro, ena ife tinabadwa kale.