Mbaula za Zenera za Petson Mbewe

Amene ankagula makala pa msika wa Bwacha m'zaka zimene mgodi unatsekedwa akumukumbuka Petson Mbewe, bambo wamtali wa ovolosi yosita, yemwe ankapukuta mbaula ndi kansalu ngati mbale za alendo. Anafika ku Kabwe ali kumsana, atate ake atachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iyenso anakulira m'wekishopu ya kunjanjiko. Kumeneko lamulo limodzi linamulowa m'magazi: chitsulo sichituluka pakhomo chisanasalazidwe ndi tupa, chisanapakidwe penti.

Mgodi utatsekedwa, kunjanji nakonso anayamba kuchepetsa anthu, ndipo Petson anali m'gulu la ochoka. Anatsala ndi nyundo, tupa ndi manja ake. Anayamba kukhoma mbaula.

Koma mbaula zake, abale inu, kukongola! Mabowo olingana, zogwirira zopindidwa bwino, thupi lakuda bii, m'chiuno kamzere kofiira ngati injini ya sitima. Chodabwitsa n'chakuti amayi ankafika, kuyang'ana, kupukusa mutu, n'kudutsa. Ankakaima pa Kingstone, woyandikana naye, munthu wa kumgodi wokhoma mbaula zadzimbiri zopendekeka. Zimenezo ndiye zinkapita ngati mtedza.

Kunyumba mkazi wake, Tinenenji, sanabise mawu.

"Atate a Janeth, mvula ikagwa zinthu zili chonchi, tikwera basi. Ku Katete munda ulipo."

Petson khasu sanaligwirepo, ndipo Katete ankangoidziwira pa maliro. Kubwerera kumudzi kumene sanakuleko, manja lende, kunkamuopsa kuposa njala yeniyeniyo.

Apa m'pamene anayamba kumuyang'ana Kingstone ndi diso lofiira. Munthu angagulitse bwanji zonyansa zotere popanda kanthu? Anaona kuti m'mawa uliwonse Kingstone amalavulira m'manja asanagwire nyundo. Anaonanso kansanza komangidwa pa mwendo wa tebulo lake. Petson anali mkulu wa mpingo, ndipo ankadziwa bwino kuti maganizo oterewa ndi ochititsa manyazi, koma sanamuchoke. Kingstone akamupatsa chinangwa chootcha, iye ankati wakhuta.

Tsiku lina Selina, mayi wokazinga zitumbuwa pa msikapo, ananyamula mbaula imodzi, kuitembenuza, kuigogoda ndi chala, n'kuibweza.

"Ba Petson, pansi pa penti iyi pali chiyani?"

"Pali chitsulo, amayi. Chochindikala."

"Ndichiona bwanji? Masiku ano m'masitolo mwadzaza zonyezimira zochokera kunja. Ugula mbale yowala, mwezi usanathe yabooka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ya ba Kingstone ndi yonyansa, inde, koma siindibisira kanthu."

Petson anamuyang'ana akupita. Sanamve zimene mayiyo ananena, anangomva dzina la Kingstone. Ndiye kuti wamutuma! Madzulo ake anathira penti kachiwiri pa mbaula zonse, kuti ziwale mpaka wakhungu aone.

Mitambo itayamba kusonkhana, kunagwa maliro ku komboni ya Chililalila, a mnzake wakale wa m'wekishopu. Petson anapita, n'kusiya Tinenenji pa msika. Pobwerera masana anapeza pa tebulo palibe munthu. Mbaula zina panalibe. Zotsalazo, mayo ine! iliyonse inali itakandidwa pambali, penti itachotsedwa malo okula ngati chikhatho, chitsulo chili poyera. Kamzere kofiira kaja kanali kataduka pakati.

Sanafunse munthu. Analumpha mulu wa makala n'kumugwira Kingstone pakhosi pa malaya.

"Mankhwala ako sanakukwane? Wafika pondiba ndi kundionongera ntchito?"

"Awe, ba Petson, ndisiyeni! Mankhwala ati?"

"Kansanza ako!"

"Ako n'kogwirira chitsulo chotentha, mwandi!"

Msika wonse unathamangira pomwepo, ogulitsa tomato, ogulitsa zovala zakale za salaula, aliyense khosi tolotolo. Pakati pa anthuwo panatulukira Tinenenji, chidebe cha madzi kumutu, msomali wautali utasomekedwa pa mfundo ya chitenje. Anatula chidebecho mosafulumira.

"Musiyeni mwana wa eni. Ndakanda ndine."

Petson anamusiya Kingstone.

"Iwe?"

"Ine ndemwe. Zimene palibezo sizinabedwe, zagulidwa. Ndinakanda imodzi kuti amayi Selina aone chitsulo, anatenga pomwepo, n'kukaitana anzawo. Penti yanuyo imapsa tsiku loyamba kuika moto, atate a Janeth. Anthu akufuna kuona chimene chidzatsale."

Anthu anaseka, ena kuomba m'manja. Petson sanaseke. Anakwiya, anachita manyazi, ndiponso china chake chinamupweteka m'kati, pakuti kamzere kofiira kaja ndi kokha kamene kanamutsalira pa zaka zake zonse za kunjanji. Anapepesa Kingstone ndi mawu otsika, maso ali pansi. Kingstone anawongola malaya ake n'kunena kuti chinangwa chikadalipo, ngati lero sanakhute.

Akanakhala wina akanangosiya kupaka penti. Petson ayi, mutu wake unali wouma ngati zitsulo zakezo. Anayesa kamodzi kuika mbaula yosapaka pa tebulo, koma asanafike masana anaibisa pansi, akuti ikuoneka ngati munthu wopita kutchalitchi osasamba. Ndipo amayi aja nawonso, taonani anthu, yosapakayo sanaifune! Ankafuna yakuda ya mzere wofiira yomweyo, koma yokhala ndi pokandika paja. Anaitcha mbaula ya zenera. Ankati ukaiika pakhonde alendo amadziwa kuti pakhomopo pali mayi waukhondo amenenso sapusitsika.

Mvula inagwa, basi ya ku Katete inapita yopanda iwo. Petson anakhoma mbaula ku Bwacha mpaka tsitsi linayera. Iliyonse ankaisalaza ndi tupa, kuipaka bwinobwino, kujambula kamzere kake dzanja lisakunjenjemera, n'kuiyanika. Ikauma ankatenga msomali uja, kuupereka kwa Tinenenji, iye n'kupita kukaima kuseri kwa matumba a makala, atafulatira, kufikira kukanda kutatha.