Benchi la Kumapeto kwa Bwalo

Uthenga unandipeza pachitunda cha kuseri kwa sukulu, pomwe tonse a kuno ku Dambe timakwera tikafuna netiweki. Foni inanjenjemera m'manja, ndipo nditayang'ana ndinaona kuti yunivesite yanditenga kukachita digiri yachiwiri ya uphungu wa ana asukulu. Ndinawerenga, ndinawerenganso, kenako ndinatsika chitunda chija ndi liwiro ngati mwana, mpaka nsapato inandivuka m'munda wa kachewere wa eni ake. Mayi wina yemwe ankapalira anaweramuka n'kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndi zabwino. Anali ndi chifukwa chodabwira, poti chaka chimenecho anthu anali atazolowera kundiona ndikuyenda pang'onopang'ono.

Mkazi wanga anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Ndiye anandikakamiza kupempha malowo. Ankati ana amandiuza zinthu zomwe sauza aphunzitsi ena, ndiye kuli bwino ndikaphunzire ntchitoyo m'malo momangowagwedezera mutu. Ndinali ndikukhalabe kwawo, pachikamwini, m'nyumba yomwe tinamanga tonse. Abale ake anali asanandisudzule, mwambo uja womasula mwamuna wofedwa kuti abwerere kwawo kapena akwatirenso.

Maphunziro ankachitika nthawi ya holide. Ndinkatsika pa njinga yamoto mpaka pa Boma, kenako minibasi ya ku Blantyre, chikwama pamiyendo. Sindibisa, ndinasangalala. Ndinkalowa mulaibulale m'mawa n'kuiwala chakudya chamasana. Zinthu zomwe ndinkaziona pa ana anga m'kalasi, monga mwana wanzeru kungozima mwadzidzidzi kapena mtsikana kuyamba kukhala kumbuyo, ndinapeza kuti anthu ena anaziganizirapo kale mozama. Ndinkatuluka mutu ukutentha, ndikulakalaka teremu itatsegulidwa mawa lomwe.

Aphunzitsi athu anali mayi wamfupi, wothamanga poyenda ndi polankhula pomwe. Iwo ndiwo anatiphunzitsa kakhalidwe ka phungu.

"Tsekani chitseko, mwana adziwe kuti nkhani yake ithera momwemo," ankatero. "Tebulo lichoke pakati. Mipando iyang'anizane. Muyang'aneni m'maso. Ndipo akakhala chete, inunso tsekani pakamwa. Aphunzitsi inu vuto lanu ndi lomweli, mumaopa chete ngati njoka."

Tinkayeserera awiriawiri. Ine ndinkakhala ndi bambo wina wa imvi, hedi wa sukulu ina, yemwe ankatenga mbali ya mtsikana wothawa kwawo, mawu atawachepetsa, chala chili pakamwa. Kalasi yonse inkagwa ndi phwete. Kumeneko ndi komwe ndinadzimva ndikuseka koyamba chichokere maliro.

Kenako inafika nthawi yogwira ntchito ndi ana enieni, aliyense pasukulu yake. Aphunzitsi athu ankayenera kubwera kudzaona ndi maso, ndipo wolephera pamenepa ankabwerera m'mbuyo chaka chathunthu.

Ahedi athu anandipatsa kachipinda komwe tinkasungiramo makasu ndi madesiki othyoka. Ndinatulutsa zonse, ndinasesa, ndinapaka laimu. Ndinaika mipando iwiri moyang'anizana, n'kupachika pawindo katani yomwe ndinachotsa kunyumba. Ahedi anasuzumira n'kuimba mluzu.

"Aphunzitsi, ofesi yanu yaposa yanga. Kodi nanenso ndingabwere ndidzadandaule za aphunzitsi anga ochedwa?"

"Bwerani, bwana. Koma ine ntchito yanga ndi kungokhala chete."

"Ndiye basi, chete ndimamupeza kale pamsonkhano wa aphunzitsi."

Ana oyamba atabwera, zinthu sizinayende monga ku Blantyre. Mwana ankalowa n'kugwada pafupi ndi chitseko. Ndikamuuza kuti akhale pampando ankakhala nsonga yokha, ngati mpandowo ukuotcha. Ndikatseka chitseko ankaganiza kuti walakwa. Ndikamuyang'ana m'maso ankayang'ana pansi, monga amachitira mwana woleredwa bwino aliyense pamaso pa wamkulu. Yankho linali limodzi: "Palibe vuto, sala."

Ndisanapeze chochita, ahedi anandiitana. Nkhope yawo inalibe nthabwala tsopano. Anati kunabwera gulu la amayi lomwe limayang'anira atsikana pasukulu, ndipo lalamula kuti mtsikana aliyense asalowe m'chipinda chija.

"Akuti ndinu wachinyamata, ndinu wofedwa, simunasudzulidwe. Ndiye chitseko chotseka, katani pawindo. Mukundimva, eti? Ndipo yemwe walankhula kwambiri ndi apongozi anu."

Mbiri itafala, anyamata nawo anasiya kubwera. Tsiku lobwera aphunzitsi athu a ku Blantyre linali likuyandikira, ine ndili ndi chipinda choyera, mipando iwiri, wopanda mwana ndi mmodzi yemwe.

Apongozi anga amagulitsa kachewere, ndipo mawu awo pamsika amamveka kuchokera kumsewu. Koma ine ndi iwo tinali tisanakhalepo maso ndi maso. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana; tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Masana a Loweruka ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Ndinakhala panjerwa kuseri kwa ngodya ya nyumba, nkhope nditalozetsa kumapiri.

"Odi, amayi."

"Afike aphunzitsi. Kapena tizinena kuti aphungu tsopano?"

"Ndabwera ndi nkhani ya chipinda chija."

"Ndikudziwa. Mwapachikanso ndi katani yomwe, eti? Katani ija ndi ya mwana wanga."

Ndinali nditakonza mfundo zambiri m'njira, za kusunga chinsinsi cha mwana ndi zina zotero, koma zonse zinathawa.

"Ine sindikukuganizirani zoipa, bambo," anapitiriza. "Ndimakudziwani. Koma anthu akayamba kulankhula, dzina lodetsedwa silikhala lanu lokha. Adzati mwana wanga dothi la pamanda lisanaume, mwamuna wake..."

Anasiyira pomwepo. Ndinangomva kachewere akugwera m'ndowa, mmodzi, kenako wina. Lilime linkandiyabwa kuti ndidziteteze, koma ndinakumbukira za chete uja, ndipo ndinadikira.

Atayambanso, sanalankhule za chipinda. Anati katani ija anakagula limodzi ndi mwana wawoyo pa Boma, ndipo anakangana pamtundu wake mpaka wogulitsa anatopa nawo. Ananena mmene mwana wawo ankakanira kujomba kusukulu ngakhale mtsinje utadzaza. Anati chiikire maliro sanapondeko kumanda, miyendo imakana. Phokoso la m'ndowa linali litasiya. Nanenso ndinapezeka ndikunena zinthu zomwe ndinali ndisanauzepo munthu. Sindizilemba pano.

Tinalankhula mpaka mthunzi wa nyumba unafika panjira. Nditatsanzika ndinayenda pang'ono, kenako ndinaima chilili pakati pa njira. Munthu yemwe mwambo sundilola kumuyang'ana anali atanditsegulira mtima wake wonse, panja, anthu akudutsa, aliyense akuyang'ana kwake. Ganizo linandibwera loti mwina ana nawonso angamasuke titakhala chotere. Ndinabwerera pafupifupi mothamanga n'kukhalanso panjerwa paja.

"Amayi, bwanji nditatulutsa benchi panja? Poti aliyense aziona, koma osamva?"

"Iii! Ndiye maulendo onse aja a ku Blantyre mumakaphunzira kukhala panja?"

"Nditero."

Anafwenthera m'chitenje. "Tulutsani. Ife tizidzakhala pakhonde la kalasi n'kumakuonani. Koma benchilo likhale lalitali."

Lolemba ndinasenza benchi lalitali kuposa onse, ndekha, ana akundiseka pamawindo. Ndinakaliika kumapeto kwa bwalo la mpira, pansi pa mitengo ya paini, loyang'ana kuchigwa. Amayi awiri a gulu lija anabwera ndi zoluka zawo n'kukhala pakhonde, patali poti mawu sangafike. Tsiku loyamba ndinakhala ndekha ndi mphepo. Lachiwiri kunabwera mnyamata, anakhala kumapeto kwina, n'kuyamba kundiuza za mpira. Nkhani yeniyeni inatulukira kumapeto, akumanga chingwe cha nsapato. Kenako kunabwera mtsikana wa fomu 3 yemwe anali atayamba kujombajomba. Tonse tinkayang'ana minda ya tirigu kumtsetse. Zomwe ananena ndi zake. Ndinganene chabe kuti sanagwade, ndipo sananene kuti palibe vuto.

Aphunzitsi athu anafika pa njinga yamoto ya kabaza, fumbi lofiira mpaka m'nsidze, akulumbira kuti msewu umenewu sadzaukweranso. Mtsikana uja anavomera kuti iwo akhale pafupi, ndiye tinawaikira mpando kumbuyo kwa benchi. Ndinkamva cholembera chawo chikukanda pepala. Mwana atapita, anadzuka n'kuima patsogolo panga.

"Chipinda chanu chili kuti?"

"Chilipo, madamu. Mwabwereranso makasu."

"Chitseko mulibe. Mipando yoyang'anizana mulibe. Mwanayu simunamuyang'ane m'maso ngakhale kamodzi."

"Zoona, madamu."

"Koma walankhula mpaka dzanja langa lawawa." Anakhala pabenchi paja, kumapeto komwe kunali mtsikana, n'kuyang'ana kuchigwa kanthawi ngati akuyesa nsapato yatsopano. "Munaziwerenga m'buku liti zimenezi?"

Ndinawafotokozera za ana ogwada, za gulu la amayi, ndi mmene timakhalira ine ndi apongozi anga tikamalankhula. Anatembenuka kuyang'ana pakhonde, pomwe apongozi anali atafulatira monga mwa nthawi zonse, akukalipira wina pafoni za matumba a kachewere. Madamuwo anaseka mpaka anatsokomola fumbi.

"Mwakhoza," anatero. "Komabe musaganize kuti mwapulumuka. Kafukufuku wanu ndi ameneyu. Ndikufuna mundilembere chifukwa chake ana a kuno amalankhula akayang'ana kumbali, ndipo mudzaime pamaso pa anzanu kuteteza benchi lanuli. Mnzanu wa imvi uja adzakudyani wamoyo."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Njinga itazimirira, ndinafuna kuthamanga kupita kunyumba kukanena. Ndinayenda ndithu pang'ono ndisanakumbukire kuti kunyumbako kulibe womuuza. Ndinabwerera kusukulu, ndinalowa m'kachipinda kaja, n'kutsitsa katani.

Potuluka ndinapeza apongozi akadali pakhonde, amayi anzawo atapita. Ndinaima kuseri kwa chipilala.

"Akuti ndakhoza, amayi."

"Tamva kuseka kwawo. Mayi wamfupi koma phokoso." Anapinda zoluka zawo. "Ankhoswe amafunsa za kukusudzulani. Ndawauza kuti adikire mumalize kaye sukuluyi. Gauni yanu yomalizira maphunziro tikaione nafenso ku Blantyre, poti woyambitsa ndi mwana wanga."

"Zikomo, amayi."

"Katani mwaitenga?"

"Ili m'manjamu."

"Mukaichape kaye musanaipachike. Yadzaza laimu."