Nambala Imene Inapita ku Joni

Ukatsika basi pa depoti ya Mzimba n'kufunsa kumene amataipa makalata, aliyense akulozera kwa Lusungu Zgambo. Kashopu kake n'kopanikiza, moti munthu wathupi amalowa chammbali. Lusungu ku koleji sanapondeko. Kompyuta anamusiyira mwamuna wake Brave popita ku Joni, iye n'kuiphunzira mwa kuiwononga ndi kuikonza. Za Brave sakonda kufunsidwa. Ukayerekeza, amakufunsa kuti kalata yako ikhale makope angati.

Bungwe la alimi a njuchi a ku Luwawa ndi Champhira litatsegula tsamba pa intaneti, linafuna kuti membala aliyense azilowa ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. Lusungu anapeza pulogalamu yaulere yochitira zimenezo, yolembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana amene sanaonanepo nkhope, yoti aliyense angathe kuisuzumira mkati ndi kuikonza. Analimbana nayo masabata atatu, magetsi akuthima, netiweki ikuthawa, mpaka inagwira. Woyamba kulembetsa anali iye mwini.

Patapita zaka zitatu, Lolemba lina, anafika mayi Sellah Nkhata a ku Champhira, fumbi mpaka m'maondo. Anali ataiwala mawu achinsinsi, pomwe Lachisanu linali tsiku lomaliza kulembetsa olowa m'nkhalango kukafula uchi. Kuphonya tsikulo, ming'oma yawo khumi ndi iwiri ikanasanduka phwando la chiuli.

"Palibe vuto, amama," anatero Lusungu. "Makinawa atumiza manambala asanu ndi imodzi pa foni yanu, mundiwerengere."

Anadikira. Kafoni kamene mayiwo anamanga pa nsonga ya chitenje kanangoti zii.

"Kodi munalembetsa nambala iti?"

"Ya abambo akunyumba. Mbwenu ndi mmene timachitira, mwana wane. Nambala ya pakhomo ndi ya mwanalume."

Abambo akunyumbawo anapita ku Joni chaka chomwe analembetsacho, nambala ili m'thumba. Kumeneko anapezako mkazi wina, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

"Ine ndimuimbire?" anafunsa mayi Nkhata. "Ndimupemphe tinambala, winayo akumvetsera pambali? Ndapota, uchiwo uwole."

Lusungu anagwira njakata. Kusintha nambalayo yekha inali ntchito ya mphindi imodzi, koma analumbira pamaso pa bungwe kuti sadzatsegulira munthu akaunti chifukwa choti wabwera ndi nkhope yachisoni. Lero ndi mwiniwake, mawa ndi wakuba. Komanso atayang'ana mndandanda wa mamembala, anapeza kuti azimayi oposa makumi anayi analembetsa nambala za amuna awo. Zinamuwawa mumtima.

Ndiye anaganiza za kwathu kuno. Munthu akati munda uwu ndi wanga, sitifunsa foni, timafunsa mboni. Anakhala pansi n'kulemba kachigawo katsopano ka pulogalamu ija: mamembala awiri akalowa ndi maina awo n'kuvomereza kuti uyu ndi yemweyo, nambala isinthidwe. Lachiwiri anakatumiza kwa osamalira pulogalamuyo kuti akaunike, poti chinthu cholondera pakhomo suchikonza wekha mwakabisira.

Yankho linachokera kwa mkulu wina wa kudziko lozizira. Anafunsa mwaulemu ndithu: bwanji mayiyo osangofunsa mwamuna wake? Abale inu, pali mafunso ena amene amafunsa ndi munthu yekhayo amene sanaperekezepo munthu pa basi ya ku Joni. Lusungu analemba yankho laukali, n'kulifufuta. Analemba lachiwiri, n'kulifufutanso. M'yankho lachitatu anangofotokoza mmene amuna a ku Mzimba amachokera, mmene chaka choyamba foni imalirira tsiku ndi tsiku, ndi mmene imasiyira kulira.

Mkuluyo anapepesa. Kenako, poti mutu umodzi susenza denga, anamuonetsa chibowo chimene iye sanachione: anthu awiri atapangana, angathe kulanda akaunti ya mnzawo. Anagwirizana kuti mboni zikavomereza, padutse tsiku lathunthu, gulu lonse likuona, nambala isanasinthe. Lachitatu madzulo kachigawoko kanalandiridwa, dzina la Lusungu Zgambo lili pamenepo pakati pa maina ovuta kutchula.

Lachinayi mboni ziwiri zinavomereza. Lachisanu mayi Nkhata anabweranso, anatchula nambala yawoyawo pang'onopang'ono, ndipo nsonga ya chitenje ija inalira. Anamasula mfundo, anawerenga manambala aja, n'kulembetsa ming'oma yonse.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero akuimirira.

Lusungu anayang'ananso pa kompyuta. Maso ake anali pa dzina loyamba la mndandanda uja, dzina lake lomwe, ndi nambala ya Brave imene inali pambali pake, imene sanaiimbe kwa zaka ziwiri.

"Amama, musapite kaye," anatero. "Inenso ndikufuna mboni."

Mayi Nkhata anamuyang'ana nthawi yaitali. Anakhalanso pampando, n'kuukokera pafupi ndi kompyuta.