Apongozi Anapita Opanda Nyimbo

"Alamu, ngati mwatopa nawo mayi anga, atsitseni tiwanyamule pamapewa!"

Anakuwa choncho mchimwene wa mkazi wanga, uku akumenya ndi chikhatho chitseko cha karinya yanga, galimoto yotutira katundu. Kumbuyo kunali bokosi la apongozi. Kutsogolo amayi a mpingo ankayenda pang'onopang'ono akuimba, kulowera kumanda a kwawo ku Ntengo-Wambalame. Ine pakati, injini ikulira ngati chigayo.

"Mukufuna izime?" ndinamukalipira. "Tachokani apo!"

Anthu anamva zokhazo. Ukali wanga ankaudziwa kale, ndiye aliyense anamaliza yekha nkhani: mkamwini uja zamukwana, akufuna akataye maliro msanga abwerere ku mbatata zake.

Zoona zake zimanditopetsa kufotokoza. Injini imapuma ngati munthu. Mpweya usanalowe umadutsa pakhosi lachitsulo, pomwe pali kachitseko kozungulira. Amakaniko amakatcha boroboleta, ndiye kuti gulugufe pa Chipwitikizi. Ukaponda moto kamatseguka, mpweya n'kulowa wambiri, galimoto n'kuthamanga. Ukachotsa phazi kamabwerera, n'kusiya kampata kakang'ono koti injini izipumirapo. Kwa ine kampata kameneko kanali katamatidwa ndi phula lakuda, mafuta osakanikirana ndi fumbi la msewu wa ku Furancungo, komwe ndinatha chilimwe chonse ndikututa katundu. Pothamanga galimoto inalibe vuto. Koma kuyenda kwa pamaliro, phazi lili m'mwamba, inkatsokomola n'kufa. Batire nalo linali lotha, ikazima mpaka kukankha. Ndiye sankhani inuyo: kuliritsa injini, kapena azibambo azikankha apongozi pachitunda ngati matumba a feteleza.

Ndinasankha phokoso. Nyimbo sinamveke. Utsi unkathera mwa anamfedwa oyenda kumbuyo. Mkazi wanga anakhala pafupi ndi bokosi, ndipo pagalasi ndinamuona atadziphimba kumaso ndi chitenje. Sikunali kulira kokha kumene kuja.

Titabwerako kumanda mkazi wanga sanandiyankhule. Madzi osamba m'manja anandipatsa ndi mng'ono wake. Dzuwa litapendeka ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe.

"Mayi a ana, tamverani. Ndi boroboleta ija..."

"Abambo, za gulugufe wanuyo mukauze ena. Mayi anga apita opanda nyimbo."

Tsiku lina ndikanakuwa mpaka mudzi wonse kumva. Tsiku limenelo mphamvu zinalibe. Ndinangokhala pa tayala, msana ukuwawa.

Kutacha, anthu asanayambe kusesa pasiwa, ndinatsegula kutsogolo kwa galimoto, n'kumasula paipi ya mpweya. Ndinakankha kachitseko kaja ndi chala, n'kukakwecha ndi mswachi wakale woviika mu gazolina, ndiye kuti petulo. Nsanza yopukutira inada bii. Nditabwezeretsa zonse, ndinaitsetsereketsa galimoto pachitunda, inalira, ndinachotsa phazi. Sinazime. Inangong'ung'udza chapansipansi.

M'mawa umenewo abale ankapita kukaona manda. Azakhali a mkazi wanga, a miyendo yotupa, dzulo lake anali atalephera kuperekeza m'bale wawo. Ndinawanyamula, n'kuwakhazika kutsogolo. Mlamu uja anandiyang'ana. Ndinatsata anthu pambuyo, liwiro la munthu woyenda pansi.

Mkazi wanga ankayenda pambali pa zenera langa, maso kutsogolo. Titadutsa dimba la nyemba anayambitsa nyimbo ya dzulo ija, amayi ena n'kuvomera. Ndinamva mawu onse, mpaka kumanda.