Bwalo Limene a Chikwakwa Sanalande

Abusa andipempha kuti ndilembe za malemu a Chikwakwa, wosoka nsapato uja tinaika m'manda mwezi wathawu. Dzina lawo laubatizo lilipo, koma ndikalilemba mufunsa kuti ameneyo ndi ndani.

Anabadwira m'banja losauka koma lopemphera. Ali mwana ankasesa m'tchalitchi osatumidwa, ndipo akabwerako amayi awo omwe ankawapisa m'matumba, poti mwana sangasese chabe. Atakula anaphunzira kusoka nsapato, nakwatira, nakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo ndi singano ndi ulusi mpaka imvi mbuu.

Kuseri kwa msika kuli malo aboma amene tonse tinkatayako zinyalala. Akazi awo atamwalira, bambowa anayamba kupitako Loweruka lililonse, chikwakwa chili paphewa. Anatchetcha udzu, anatola mabotolo osweka ndi misomali, anakwirira maenje. Kenako anayamba kuitana ana kuti azikasewera mpira ndi kulumpha chingwe m'malo mobindikira m'nyumba maso ali pafoni. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sanalenge dzuwa kuti liziwalira malata."

Anthu sanachedwe kuona chiwembu. Amayi ena anati wosoka nsapato akamathamangitsa ana, ndiye kuti akufuna nsapato zing'ambike. A Chikwakwa atamva, anauza ana kuti azivula nsapato akafika. Amayi aja anati, "Mwaona? Wadziwa kuti tamutulukira."

Nkhani inakula atabzala mitengo m'mbali mwa bwalolo. Aliyense amadziwa kuti wolanda malo amayamba ndi kutchetcha, kenako mitengo, mapeto ake njerwa. Apampando a komiti yachitukuko ya mpingo wathu, amene amavala tayi ngakhale pokaona udzu, anapita kukawafunsa.

"Achimwene, njerwa zibwera liti?"

"Njerwa zanji, apampando?"

"Musandiyese mwana. Mitengoyi mwaibzala m'malire."

"Pakati ana angamaigunde."

"Nanga inuyo mukupindulapo chiyani?"

"Thukuta. Chikwakwa china chilipo, ngati mukufunako."

Apampando anakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Komiti inaletsa ana a mumpingo kupita kubwaloko, kuti tsiku lolanda malowo, anthu asadzati mpingo unali momwemo. Ana ankamvera lamuloli mpaka pachipata cha tchalitchi. A Chikwakwa anawachotsa pantchito yawo yolandira anthu pakhomo la tchalitchi. Sanadandaule. Anasamukira pabenchi lakumbuyo n'kumaimba mokweza monga kale, mawu akusemphana ndi a anzawo monganso kale. Zaka zinapita, mitengo inayamba kupereka mthunzi, ndipo okayikira ena ankakhala pansi pake podikira njerwa zija.

Msana utayamba kukana, ankabwera ndi kampando n'kumaonerera ana, kwinaku akuloza ndi ndodo pomwe pamera chisoso. Anamwalira masana ena kunyumba kwawo, atangomaliza kupempherera chakudya, mwana wawo wamkazi ali pambali. Anangotsamira khoma ngati wopumula.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti tsopano mwanayo atulutsa mapepala a malo. Iye anangolongedza zovala za bambo ake n'kubwerera kubanja kwake. Kumanda apampando analankhula nthawi yaitali, nafotokoza kuti iwo ndiwo anali oyamba kuona kuti malemuwa ndi munthu wa Mulungu.

Mvula yagwa, ndipo udzu pabwalo paja wafika m'mawondo. Ana tsopano akusewera kumsewu, kumene sabata yatha njinga yamoto inatsala pang'ono kugunda kamtsikana ka mu kwaya. Zikwakwa tili nazo m'makomomu, koma palibe akufuna kuoneka ali yekha pamenepo, poopa zimene anthu anganene. Anthuwo timawadziwa. Choncho Loweruka likubwerali tikumane pachipata cha tchalitchi, tipite tonse pamodzi, kuti aliyense akhale ndi womuyang'anira.