Mailo ya Dishi ya ku Silverest

Kwathu ku Chipata timati dzulo, timati mawa, ndipo palibe amene amasochera. Kuno ku Chongwe anthu ali ndi liwu limodzi lokha, mailo, loti lisenze zonse ziwiri. Liwu limenelo linandionetsa zakuda.

Ndinkagwira ntchito pakakampani kopereka intaneti pa boma la Chongwe. Sukulu ina ya ku Nkomeshya tinkaifikitsira intaneti ndi madishi awiri: latsopano lochokera paofesi pathu, ndi lakale lodzera ku Silverest. Rauta ya kusukuluko, kabokosi kolondolera intaneti, inkadziwa njira imodzi yokha imene tinailembera pamanja. Ntchito yanga inali yoiphunzitsa OSPF, kuti izipatsana moni ndi marauta anzake, kenako azidziuzana okha njira zimene zili zotseguka.

M'mawa umenewo mnzanga wokwera nsanja ananditumizira uthenga: "Dishi ya Silverest kuchotsa mailo." Basi. Ine ndinamva kuti mawa. Ndiye ndinati ndigwire ntchito ija lero lomwe, khomo lakumbuyo la ku Silverest likadalipo, kuti zikavuta ndilowere komweko. Ndinkadziwa bwino kuti linali tsiku lomaliza lolembetsa ana mayeso pa intaneti, koma ndinati ntchito yake ndi yakanthawi kochepa.

Ndinalowa mu rautayo ndili pampando wanga, ndinayatsa OSPF, n'kufufuta njira yakale ija. Laputopu inangoti zii. Ndinadikira moni. Palibe. Ndinayesa kudzera ku Silverest, nakonso zii. Mayo ine!

Ndinamuimbira mnzanga uja. "Iwe, dishi ya Silverest yatani?"

"Ah, sisi, ninakuuzani. Tinachosa mailo."

"Mailo iti?"

"Yamene yapita."

Ndinamutukwana, sindibisa, mpaka amayi ogulitsa chimanga chootcha panja anasuzumira pazenera. Koma kutukwana sikubweza dishi. Kunja mvula inali itayamba kale, ndipo msewu wa kusukuluko ukanyowa ngakhale njinga yamoto imakana.

Foni inalira. Anali ahedi a sukuluyo, mayi amene anandiphunzitsa ine ndili wamng'ono ku Chipata asanasamukire kuno, amene ankatibweza pakhomo tikalowa osapereka moni.

"Mwanawe, intaneti yapita. Nili na ana pano sanalowe pa mayeso, ndipo kulembesa bavala lelo, ndiye kusila. Bakapanda kulowa, chaka chonse chapita. Nibauze chani makolo bao?"

Chinthu chimodzi chokha ndiye chinandilimbitsa mtima: zimene ndinasinthazo ndinali ndisanaseve, ndisanazisunge mu rautayo. Rauta ikazima n'kuyakanso, imaiwala zatsopano n'kubwerera ku zakale.

"Ba Madamu, yendani ku kabati kuja mu staff room. Chosani nthambo yakuda ya malaiti, mubwezepo."

"Malaiti kulibe, tili pa batire. Uja anamanga ananena kuti tisazimye, chifukwa nthawi zina siyaka."

Zinali zoona. Nthambo ija inkazimitsanso inivetala, kamakina kopereka moto wa batire, ndipo inali yokalamba, yochita kunyengerera. Koma njira ina panalibe.

"Chosani, mayo. Ikakana, mlandu ni wanga."

Ndinamva nsapato zawo pasimenti, mvula pamalata, chitseko cha kabati chikulira. Kenaka foni inaduka. Ndinaimba, osalowa. Ndinaimbanso, osalowa. Ndinatsala ndekha ndi laputopu, ndikutumiza ping, kauthenga kofunsa ngati rauta ilipo, koma inkangobwera yopanda yankho, mzere pamwamba pa mzere. Ndinaima, ndinakhala, ndinaimanso. Ndinapemphera mokalipa, ngati Mulungu ndiye analemba uthenga uja.

Mzere umodzi unayankha. Wina unatsatira. Ndinangokhala pansi penipeni.

Sindinakhudzenso kanthu tsiku limenelo. Ndinangoyang'ana pamene panalakwika: rauta yakusukulu ndinaiika m'chigawo china, yapaofesi ili m'chigawo china, ndiye moni uliwonse unkatayidwa ngati wa mlendo wosadziwika. Nambala imodzi yokha ya chigawo.

Chakumadzulo ahedi anaimbanso, mawu atasasa.

"Balowa bonse. Womaliza walowa bakuvala."

Ndinalira, ine munthu wamkulu, pamaso pa amayi achimanga aja.

"Manje ntchito yako ija uzasiliza liti?" anafunsa. "Koma ubwere wekha kuno, usachitile patali."

"Nizabwera mailo, ba Madamu."



"Mailo iti, mwanawe?"

"Mawa, mayo," ndinatero. "Mawa."