Zitini Zopanda Kanthu

Mwana wanga woyamba anabadwa wonenepa, ndipo palibe chimene ndinachita kuti anenepe kupatula kumuyamwitsa. Atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, timikono take tinali ndi mizere ngati wina wamumanga ulusi, khosi osaoneka. Kusikelo anamwino ankachita kuitanizana kuti adzamuone. Mwiniwakene ndinali woonda zomvetsa chisoni, moti azimayi a pamdadada wathu ku Kawale ankandiseka kuti mwanayo akundimwa ndi mafupa omwe. Ndinkanyada nazo, bodza ayi.

Inali nthawi ija matipate atangobwera kumene, pamene aliyense wokhala ndi chimkuzamawu ankalonjeza zinthu. Andale ankalonjeza, a mipingo yatsopano ankalonjeza, ndiye a makampani nawo anati ife titsalirenji. Loweruka lina m'mawa kunadutsa lole yachikasu ikulengeza kuti kampani ina ya mkaka wa ana wa m'chitini, chifukwa chokhudzidwa kwambiri ndi thanzi la mwana wa Mmalawi, yakonza mpikisano wa mwana wathanzi pabwalo la mpira. Kulowa kunali kwaulere. Mayi ankangofunika kubwera ndi mwana, khadi la sikelo, ndi chitini chopanda kanthu cha mkaka wawowo, umboni woti mwanayo amamwadi.

Tinaseka mpaka misozi. Pamdadada wathu wonse panalibe amene anagulapo mkaka umenewo. Tinkangouonera m'golosale, pa shelefu ya pamwamba penipeni, pomwe mwini golosale ankachita kukwera pa kreti kuti akapukute fumbi. Koma a kampani sankatidziwa bwino anthu a ku Kawale. Zitini zopanda kanthu zinali ndi kwake kopezeka: kwa amisiri a ku Mchesi osula ndowa ndi mbaula, amene ankazitola m'mabini a kumayadi n'kumapangira nyali za koloboyi. Sabata imeneyo ku Mchesi sikunasulidwe koloboyi. Amisiri anaika nyundo pansi, n'kumagulitsa zitini zosaboola kwa azimayi obereka ana kumbuyo, mtengo ukukwera tsiku ndi tsiku ngati shuga.

Ine ku Mchesi sindinapite. Apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Rumphi kudzaona mdzukulu wawo, anali ndi chitini chotero, chimene ankasungiramo mabatani, ulusi ndi singano. Ndinakhuthulira mabataniwo m'mbale iwo akuona. Anali mayi wa mpingo wosakonda zokhotakhota, ndiye anandiuza mosabisa.

“Mwananga, mwanayu mkaka umenewu anaulawapo?”

“Ayi, amayi. Koma tonse tikuchita chimodzimodzi.”

“Tonse ndi ndani? Ine mundichotsemo.”

Bambo a mwana anangoti bola tikapate ambulera, dzinja layandikira.

Tsiku la mpikisano tinapeza tenti, mipando ya alendo olemekezeka, ndi azimayi anayi ovala madiresi oyera, mawotchi atawapachika pachifuwa monga amachitira anamwino. Mmodzi wa iwo ndinadzamupeza patapita nthawi akugulitsa nsapato m'sitolo ya mmwenye ku Old Town. Bwana wina wa suti anayankhula Chingerezi kwa ola lathunthu, womasulira akumutsatira pambuyo mopuma wefuwefu. Anati kampani yawo siyang'ana phindu, imayang'ana mwana. Anati iwo ndi ife ndi banja limodzi. Abale athuwo anali pamthunzi akumwa zoziziritsa kukhosi, ife tili padzuwa kuyambira eyiti koloko.

Pofika masana ana anayamba kulira ndi njala. Azimayi ovala zoyera aja anazungulira n'kumatinong'oneza kuti chonde tisayamwitse pamene pali wojambula zithunzi. Tonse tinakhamukira kuseri kwa lole. Ndikatsinzina ndimaonabe: azimayi ambirimbiri atakhala m'fumbi mumthunzi wa lole yachikasu, aliyense chitini chopanda kanthu kudzanja, bere lili m'kamwa mwa mwana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wabotolo. Oyera aja anationa, n'kuyang'ana kumbali.

Wanga anapambana. Anandipatsa ambulera, beseni, chitenje cha kampani, ndi zitini ziwiri zodzaza. Anandisainitsa pepala la Chingerezi limene sindinawerenge chifukwa cha chimwemwe. Mmodzi wa oyera aja anandigwira paphewa n'kuti, “Mayi, anthu akamakufunsani, choyankha mukuchidziwa, eti?” Ndinagwedeza mutu. Bwana wa suti ananyamula mwanayo kuti ajambulidwe naye, mwana n'kumukodzera pa jekete. Pabwalo ponse paja, amene ananena zoona tsiku limenelo anali mwana wanga yekha.

Chaka chatsopano chisanafike, kalendala inatuluka. Pamwamba panali mwana wanga akuseka, masaya atawawonjezera kufiira, pansi pake mawu akuluakulu akuti wakula ndi mkaka wawo. Inali m'golosale, kometetsa, kuchigayo, ngakhale m'minibasi ina ya ku Biwi. Anthu anasiya kunditchula monga kale, ndinasanduka amake a pakalendala. Ndinayamba kuyenda ndi ambulera ngakhale kunja kuli mitambo yopanda mvula. Ndinayambanso kuyamwitsira m'nyumba, chitseko chotseka, pakuti mayi wa mwana wotchuka sangamangovundukula bere pakhonde ngati wamba. Zitini ziwiri zija ndinaziika pamwamba pa kabati, zosatsegula, kuti alendo aziziona.

Khomo loyandikana ndi langa kunkakhala mtsikana wina wochokera ku Dedza. Mwamuna wake anali mlonda, mtsikanayo ankakazinga mandasi. Tinkabwerekana mchere ndi moto, tinkaitanana kuti aneba. Anali ndi kamwana kakakazi, kobadwa miyezi itatu pambuyo pa wanga, kakang'ono thupi koma kochangamuka, kamaso owala, koseka ndi aliyense. Mzere wake pakhadi la sikelo unkakwera, pang'onopang'ono koma unkakwera ndithu. Kumpikisano sanapite, anati kamwana kake kakachititsa manyazi.

Tsiku lina anandipeza ndikuchapa pabwalo, azimayi ena atatu ali pomwepo, chitenje cha kampani chili pachingwe.

“Aneba, ndiuzeni zoona. Mkaka uja ndi umene wamunenepetsa chonchi?”

“Nanga n'chiyani china?” ndinatero, osadzutsa mutu.

“Komatu kale ndinkakuonani mukuyamwitsa.”

“Bere n'longomutonthozera akamalira. Chakudya chenicheni ndi cha m'chitini.”

Mawu amenewo anatuluka mosavuta, ngati ndinabadwa nawo. Ndinalowa m'nyumba, n'kutsitsa zitini ziwiri zija, n'kumupatsa pamaso pa anthu. Anagwada polandira. Azimayi aja anati ndine wa mtima wabwino. Tsiku limenelo ndinamva mmene bwana wa suti uja ankamvera, ndipo kukoma kwake sindingakane.

Aneba anga anagula botolo kumsika. Kamwanako kanazolowera botolo, kanayamba kukana bere, ndipo posakhalitsa mkaka wa mayi wake unauma. Zitini ziwiri zinatha mwezi usanathe. Mlonda uja anagulitsa njinga yake, anagula zina. Zitatha izo mkaziyo anagulitsa chiwaya chake cha mandasi. Malangizo a pachitini anali m'Chingerezi ndi zinenero zina za kutali, iye sukulu analekera sitandade filii. Pamene panafunika masipuni anayi anayamba kuthira atatu, kenako awiri, kenako imodzi, bola madziwo ayere. Madzi akasiya kutuluka pampopi tinkatunga pachitsime cha kudambo, ndipo makala owiritsira madzi kasanu pa tsiku, botolo n'kuliwiritsanso, analibe.

Ndinkaliona botololo. Ankakhala nalo pakhonde, mkaka wake woti ukaukweza kudzuwa umaona chala chako mbali inayo. Ndinkaona kamwanako kakufota, tsitsi likusanduka lofiirira, kuseka kuja kutatha. Ndinkadutsa ndi ambulera yanga, n'kupereka moni, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kuyamwitsa wanga. Kunena zoona kukanatanthauza kuti Kawale yense adziwe kuti amake a pakalendala anapambana ndi chitini cha mabatani. Ndinkadziuza kuti mawa ndimuuza. Mawa limenelo linatenga miyezi iwiri.

Kamwanako katayamba kutsekula m'mimba, liwombo n'kulowa, anakagonekedwa kuchipatala. Ndinapita kukazonda tsiku lachiwiri, nditatenga phala, wanga ali kumbuyo. Wodi ya ana inali yowala, yopakidwa kumene utoto wachikasu. Pakhomo panali chikwangwani chonena kuti utotowo, makatani ndi sikelo yatsopano ndi mphatso yochokera ku kampani ija, chifukwa chokonda ana. Mankhwala ankasowa, ana ankagona awiri pabedi limodzi, koma khoma linali lokongola. Ndipo pakhoma, pamwamba penipeni pa bedi la kamwana ka aneba anga, panali kalendala. Mwana wanga ankaseka ndi masaya ake ofiira, akuyang'ana pansi pamene kanzake kanagona ndi diripi pamutu.

Namwino weniweni, wachikulire, wotopa, diresi lake losayera kwenikweni, ankakonza diripiyo akukalipa.

“Mwana wamng'ono chonchi, botolo! Inu mayi, anakuuzani ndani kuti musiye kuyamwitsa?”

Aneba anga anakweza maso n'kuyang'ana kalendala. Ine sanandiyang'ane. Akanandiloza chala, mwina zikanandipepukira.

Namwino atachoka ndinakhala pansi pafupi naye. “Aneba,” ndinatero, “wangayu mkaka uja sanaulawepo. Ngakhale sipuni imodzi. Chitini chija chinali cha mabatani a apongozi.”

Anasisita kaphazi ka mwana wake. Kenako anangoti, “Oo.”

Kamwanako kanamwalira mawa lake masana.

Maliro atatha, mkwiyo unandigwira, ndipo popeza kudzikwiyira wekha n'kowawa, ndinakwera minibasi kupita ku Kanengo kumene kampaniyo inali ndi maofesi. Ndinadikira pageti theka la tsiku. Mlonda wa pagetipo atandizindikira kuti ndine amake a pakalendala, anandilowetsa mwaulemu. Anandilandira mayi wina wonunkhira bwino, amene anamvetsera nkhani yonse mutu atapendeketsa, akuti pepani, pepani, zachisoni. Atatero anatenga chitini pa tebulo pake, n'kuchitembenuza, n'kundilozera ndi chikhadabo chofiira timalemba tina pansi penipeni, tating'ono ngati miyendo ya nyerere.

“Apa tinalemba, mayi, kuti mkaka wa m'mawere ndiye wabwino koposa. Ife sitikakamiza munthu. Vuto anthu athu sawerenga.”

Ndinafunsa chifukwa chake mawu amenewo sanawalembe pakalendala, pamene panali malo okwanira. Anamwetulira, anati ndi ganizo labwino, akalipereka kwa akuluakulu. Potuluka anandipatsa tisheti yachikasu ndi ndalama ya minibasi. Tishetiyo ndinailandira. Izinso ndiyenera kunena.

Aneba anga sanasamuke, nyumba za lendi zinali zovuta kupeza. Sanandinyoze, sanandinene kwa anthu. Moni ankayankha. Mchere sanabwerekenso. Ambulera ija ndinaiponya pansi pa bedi, ndinayambiranso kuyamwitsira pakhonde, koma panalibe amene zinamuthandiza.

Patapita zaka ziwiri ndinali ndi mwana wachiwiri, wonenepa ngati mkulu wake, koma aneba anga analibe wina. Loweruka lina m'mawa lole yachikasu inadutsanso, chimkuzamawu chomwe chija, kukhudzidwa komwe kuja ndi thanzi la mwana wa Mmalawi. Azimayi a pamdadada anayamba kufunsana za mtengo wa zitini ku Mchesi. Ine ndinalowa m'nyumba.

Posakhalitsa ndinamva odi. Anali aneba anga, atanyamula thumba. Analikhuthula pakhonde panga mosamala, n'kuyamba kuimika zitini chimodzichimodzi pamzere. Zinali zisanu ndi ziwiri, zotsukidwa bwino, mapepala ake osang'ambika. Ziwiri zakumayambiriro ndinazizindikira.

“Ndamva mpikisano ulikonso, aneba,” anatero ndi mawu ofatsa. “Musavutitse apongozi ndi mabatani awo. Tengani izi. Izi n'zenizeni, mwana anamwadi.”

Anapinda thumba lake, n'kuyang'ana khanda limene linali pabere langa.

“Khadi la sikelo nalonso ndikadali nalo,” anatero. “Chosowa ndi mwana yekha.”